Momwe tinamangira ukwati wa anthu ochepa m'mbali mwa nyanja ku Chembe

Ine ndi mayi wa kunyumba kwanga tinagwirizana kuyambira pachiyambi kuti ukwati wathu sudzakhala wa muholo, wa komiti, makadi, magalimoto ondondozana ndi perekaniperekani wa tsiku lonse. Tonse timagwira ntchito pa boma la Mangochi, ndipo tinali titakhalapo m'makomiti a maukwati a anzathu okwanira kutiphunzitsa kuti akwati ambiri amalowa m'banja ali ndi ngongole komanso atatopa ndi madandaulo a abale. Tinafuna kumanga ukwati pamaso pa anthu osapitirira khumi, kenako n'kukwera boti awiriwiri kupita pachilumba. Ntchito yaikulu sinali ya ndalama kapena ya malo, koma yoti abale athu asaone ngati tathawitsana.

Choyamba chinali kupita kwa amalume, omwe ndi mwini mbumba kwathu. Sindinawaimbire foni, chifukwa nkhani yotere ikakambidwa pafoni imamveka ngati chidziwitso chabe, pamene iwo amayenera kufunsidwa. Nditafotokoza, anakhala chete kwa kanthawi, kenako anafunsa kuti, "Kodi mphwanga, ankhoswe akhalapo?" Nditavomera, anati, "Ndiye kuti ukwati ulipo. Zovinazo ndi zokometsera, koma tsiku limene mudzayambane m'nyumba, holo simudzaipeza, mudzapeza ife." Kuchikazi nako nkhani inayenda chimodzimodzi. Choncho chinkhoswe tinachita motsata mwambo wonse pakhonde la kwawo kwa mkazi: ankhoswe a mbali ziwiri anadziwana, anasinthana tambala ndi msoti, ndipo anatilangiza. Tinangochotsapo zokuzira mawu, matenti ndi yunifolomu.

Amene anavutika kwambiri kumvetsa ndi mayi anga, ndipo chifukwa chawo ndi chomveka. Kwa zaka zambiri akhala akusonkha m'maukwati a ana a anzawo a kumpingo ndi a m'mudzi, kuphika usiku wonse, kugula nsalu ya yunifolomu ndi kuponya ndalama m'lichero. Kwa iwo, ukwati wa mwana wawo inali nthawi yoti anzawowo abwere nawonso, si kuti abweze ndalama zokha, koma aonetse poyera kuti khomo lino amaliwerengera. Munthu wofuna ukwati waung'ono ayenera kudziwa kuti akulanda kholo lake tsiku limeneli. Sitinayese kuwatsutsa ndi masamu a ndalama zimene tikanapulumutsa, chifukwa nkhani yawo sinali pamenepo. Tinawalonjeza kuti tikabwerako kunyanja tidzafika kumudzi, iwo aitane amene akufuna, tidye pamodzi popanda mwambo wa muholo. Anavomera mwa apo ndi apo, koma anavomera.

Za malamulo zinali zosavuta kuposa za pabanja. Lamulo la maukwati la chaka cha 2015 limavomereza ukwati wa kuboma, wa pachikhalidwe, wa chipembedzo komanso wa anthu amene akhalira limodzi mpaka kudziwika ngati banja, ndipo limafuna kuti aliyense wa awiriwo akhale atakwanitsa zaka 18. Ife tinasankha wa kwa DC, podziwa kuti mtchatho wake ndi umene umafunsidwa kawirikawiri kuntchito ndi popita kunja, komanso kuti ukwati wa mtundu umenewu sulola mitala. Tinapita ku ofesi ndi zitupa zathu za unzika, tinalemba chidziwitso chakuti tikufuna kukwatirana, ndipo chinamatidwa poyera kwa masiku 21 kuti amene ali ndi chifukwa chotsutsira ukwatiwo aonekere. Chidziwitsochi chili ndi malire a nthawi, kotero si bwino kuchilemba kale kwambiri tsiku lisanadziwike, ndipo ndi nzeru kufunsa ku ofesi komweko za malipiro ndi masiku amene amamangitsa maukwati musanalipire malo ogona. Pamafunika mboni ziwiri. Ife tinapempha ankhoswe athu omwewo kuti asayine, ndipo zimenezi zinathetsa nkhawa ya amalume yakuti pepala la boma libwera kudzawalanda udindo.

Abusa tinawauza zoona zokhazokha. Mipingo yambiri imafuna kuti ukwati ulengezedwe ndi kudalitsidwa m'tchalitchi, ndipo sitinawapemphe kuti aphwanye dongosolo lawo. Tinapempha pemphero chabe, ndipo anavomera kutiperekeza. Anzathu achisilamu, omwe ndi ambiri kuno ku Mangochi, angafunike kukambirana ndi a shehe awo mwa njira yomweyo.

Malo tinasankha ku Cape Maclear, m'mudzi wa Chembe. Nkopola ndi Makokola ndi pafupi ndi boma ndipo mchenga wake ndi wabwino, koma kumeneko ukwati umasanduka wa pahotela, ndipo achibale amene sanaitanidwe amatha kungotulukira pa minibasi. Ku Chembe umatenga msewu wa ku Monkey Bay, n'kukhotera kumanzere usanalowe m'tauniyo, kenako n'kuyenda makilomita pafupifupi 18 m'mapiri. Mudziwo wazunguliridwa ndi Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha nsomba za mbuna zimene zimakhala m'miyala. Abusa anakondwera pa chifukwa china: pamalopa ndi pamene amishoni a Livingstonia anayambira ntchito yawo mu 1875 asanasamukire ku Bandawe mu 1881, ndipo manda a ena mwa iwo alipobe. Popeza zilumba za Thumbi, Domwe ndi Mumbo zili m'manja mwa paki, pamakhala ndalama yolowera, yomwe kwa Amalawi ndi yotsikirapo kusiyana ndi ya alendo akunja. Tinakaonana ndi a paki tisanafike tsikulo n'kuwafotokozera kuti tidzakhala ndi wojambula zithunzi, kuti pasadzakhale kukokanakokana pamadzi.

Nyengo ndi imene inasankha mwezi. Kuyambira mu May kufikira mu August kumawomba mwera, ndipo nyanja ikakwiya ngakhale asodzi amakokera mabwato kumtunda. October ndi November kuno kumatentha moti munthu wovala suti amavutika asanafike n'komwe pamalo, ndipo kuyambira mu December mvula imatha kugwa tsiku lililonse. Tinasankha September, ndipo mwini boti anatilangiza kuti tinyamuke m'mawa mphepo isanadzuke. Munthu ameneyu tinamupeza kudzera kwa eni malo amene tinagona, osati mwa anyamata amene amakuthamangira ukangotsika galimoto, ngakhale ambiri mwa iwo ndi okhulupirika. Tinagwirizana mtengo tisanakwere, tinaona ndi maso majekete otiyandamitsa, ndipo tinafunsa ngati mafuta a injini ali m'mtengo womwewo. Ndalama tinatengeratu kubanki pa boma, ngakhale zina tinalipira pa Airtel Money ndi Mpamba.

Tinasayina kwa DC pakati pa sabata, ndipo madzulo ake tinapita kunyanja pa galimoto imodzi yokha. M'mawa mwake abusa anapemphera nafe pamchenga, pansi pa mtengo, makolo ndi ankhoswe atakhala pa mipando ya pamalo ogonawo. Ankhoswe analankhula mwachidule. Apongozi anga aakazi anayambitsa nyimbo ya kumpingo, ndipo amayi amene ankatsuka mbale m'mphepete mwa madzi anaimba nthungululu osaitanidwa. Akuluakulu sitinawakweze boti, chifukwa ena amaopa madzi ndipo miyala ya pachilumba ndi yoterera. Iwo anatsala akudikira chambo chowotcha ndi nsima, ife awiri ndi wojambula tinawolokera ku Thumbi, komwe ndi pafupi ndipo sikukhala anthu. Mkazi wanga anasoketsa diresi la chitenje lofika m'mawondo, ine malaya a nsalu yomweyo, ndipo nsapato zinali zoti zikhoza kunyowa. Kumeneko tinauzana malonjezo amene tinalemba tokha, tinasambira pakati pa mbuna, ndipo mwini boti anaponya nsomba kuti nkhwazi zitsike. Mphete tinazisiya kumtunda m'manja mwa ankhoswe. Popeza madzi a m'mbali mwa mudziwo amadziwika ndi likodzo, tinapita kuchipatala patapita milungu ingapo kukafunsa za mankhwala.

Lonjezo la kwa mayi tinalisunga mwezi womwewo. Tinagula mbuzi ndi mpunga, iwo anaitana anzawo, ndipo anthu anabwera ambiri kuposa amene tinkayembekeza. Ena anaponya ndalama ngakhale tinali titanena kuti sipakhala perekaniperekani, ndipo ndalamazo tinazisiya kwa mayi. Kuchikazi tinachitanso chimodzimodzi. Azakhali amodzi mpaka lero amati ukwati wathu sanauone, ndipo akafuna kutipatsa moni amayamba ndi mawu amenewo. Mtchatho tinaujambulitsa makope awiri, imodzi ili kwa nkhoswe wa kuchimuna, ina kwa wa kuchikazi.