Kalata imene amalume anasaina inathera mphamvu m'manja mwanga

Tsopano ndapuma. Kalata ya kwa Master wa High Court, mkulu wa boma woona za chuma cha anthu osatha kudziyendetsera okha, yatuluka, ndipo ndine woyang'anira ndalama za amalume mwalamulo. Inu amene muli ndi okalamba kuno ku Joni, mverani.

Amalume anabwera ndi Wenela a Kamuzu asanaletse ulendo wa kumigodi mu 1974, ndipo sanabwererenso kumudzi. Ali ndi ID ya kuno, kanyumba ku Soweto ndi penshoni. Matenda oiwalaiwala aja, a dementia, atayamba tinkapeza ndalama mu ketulo, khadi la ku banki lili ndi mwana wa aneba, nambala yachinsinsi italembedwa pachikuto cha Baibulo.

Ine mtima unali m'malo chifukwa adakali bwino anandisainira power of attorney, kalata yondipatsa mphamvu yowayendetsera zinthu m'malo mwawo. Ku banki anandiuza kuti ndibwere ndi eni ake. Ndinajomba kuntchito, kubwereka galimoto, kuwaveka jekete yawo ya kutchalitchi. Tinakhala pamzere mpaka dzuwa kupendeka, iwo akundigwira dzanja n'kumafunsa kuti, "Kodi sitima yafika?" Titafika pawindo, mayi wa ku bankiyo anawafunsa mafunso, iwo osayankha, basi n'kundibwezera pepala kuti silikugwiranso ntchito. Bwanji osandiuza poyamba paja? Munthu wamkulu kumuzunza tsiku lathunthu, akunjenjemera ndi njala pakati pa anthu! Zimenezi zimandiwawabe.

Lamulo la ku South Africa lili chonchi: amene anasaina akasiya kuzindikira zochita, power of attorney imathera pomwepo. Njira zotsala ndi ziwiri. Ina ndi ya ku High Court kuti asankhe curator bonis, munthu woyang'anira chuma cha wodwalayo, koma imafuna maloya ndi ndalama zimene ife tilibe. Inayo ndi ya lamulo la Mental Health Care Act la 2002, yopempha kwa Master kuti akusankheni kukhala administrator, kapena kuti woyang'anira ndalama zake. Ndinadutsa imeneyi. Mumadzaza fomu, kukalumbira kupolisi, kuphatikiza malipoti a madokotala otsimikiza matendawo ndi mndandanda wa chuma chonse. Chuma chikapitirira R200,000, kapena zolowa zikapitirira R24,000 pachaka, amayamba afufuza kaye, ndipo ndalama ya kafukufukuyo imachoka m'thumba la wodwalayo. Ndi nyumba ija, ife tinagwera m'gulu limeneli.

Yambani ndi madokotala, chifukwa malipoti ndi amene amachedwa. Ndipo gulani kabuku lero lomwe, muzilembamo chilichonse n'kumata malisiti, ngakhale a matewera ndi buledi. Master amafuna kuti chaka chilichonse muzionetsa mmene ndalama zayendera.

Ndayiwala za maliro. Ndisanapite n'komwe kwa Master ndinapeza kuti inshuwalansi yawo ya maliro yatsala pang'ono kufa, chifukwa m'akaunti munkakhala mopanda kanthu tsiku lodula. Mukudziwa nokha mtengo wonyamula thupi kupita kumudzi. Ndinalipira ya m'thumba mwanga, lisiti n'kusunga. Onaninso sitetimenti yonse, ife tinapezamo zodulidwa mwezi ndi mwezi zimene iwo sankazidziwa. Ngati wanu amalandira ndalama ya okalamba ya SASSA, bungwe la boma lopereka ndalama za chithandizo, kumeneko kuli njira yakeyake yolembetsa munthu wowalandirira.

Title deed, ID, mphete ya malemu azakhali ndi wotchi yawo ndinazijambula pafoni, n'kutumiza pagulu la WhatsApp la banja ndisanazitsekere. Wotchiyo ndinawabwezera, chifukwa ankaifunafuna usiku osagona. M'chikwama ndimawasiyira R50 kuti asamadzione ngati alandidwa zonse, popeza m'matendawa woyamba kutchulidwa wakuba amakhala wowasamalirayo.

Akumudzi nawo anayamba kunong'ona kuti ndikudya za amalume. Sindinakangane nawo, ndinangojambula masamba a kabuku kaja n'kutumiza. Malisiti, abale anga, sungani malisiti. Mwezi wamawa ndikupita nawo kuchipatala kukatenga mankhwala, ndipo ndalama ya takisi ilembedwanso momwemo.