Zikomo nonse, thalakitala yalowa m'shedi

Abale anga a kuno ku Harare, Loweruka lapitali kathalakitala kanga kotchetchera kapinga kanalowa m'shedi bwinobwino, popanda wokankha kumbuyo. Ndati ndisagone nawo mawuwa, ndithokoze pagulu.

Ambiri mukudziwa zimene zinandigwera mu Januwale. Pakhomo pa shedi yathu ku Waterfalls m'pokwera masentimita 30 kuchokera pa dothi, ndiye chigulireni makinawa ndinkangoyala matabwa awiri n'kukwera. Ndikamaliza ndinkawasiya pansi pomwepo, osadziwa kuti chiswe chikudya mkati, kunja kukuoneka kwabwino. Tsiku limenelo kunagwa mvula ya masana, matayala ali matope okhaokha. Thabwa la kumanzere linangoti phwa! Thalakitala inapendekeka n'kundipanikiza mwendo pa chitseko. Ndinakhala chigonere masabata 6, nthawi yomwe ife otchetcha timapeza ndalama, poti kapinga wa kikuyu ukamusiya masabata awiri m'dzinja umamupeza wabisa akakolo.

Mayi a kunyumba, inu ndiye munasenza zambiri, ndipo zina sindingazilembe pano. Alamu anga, munayenda ndi makina okankha pamanja ku Hatfield mpaka ku Avondale kuti makasitomala anga asandithawe, ndalama n'kudzandipatsa yonse. Amayi a ku mpingo wathu wa CCAP, ufa ndi mafuta aja zinatifikitsa kutali.

Koma ndilankhule za amalume a ku Mufakose, amene anabwera kuno ali mnyamata kuchokera ku Dedza n'kukalambira pa ntchito yomanga. Atadzandizonda sanayambe n'kufunsa za mwendo. Anapita kukaima pakhomo pa shedi, n'kupempha tepi.

Ine ndinkafuna kamtunda kokwerera kakafupi, ka mita imodzi, kuti simenti isalowe yambiri. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mphwanga, iwe ukuganiza za matayala okha. Nanga mbale ya mipeni ili pansi pamimbayi? Ukafupikitsa, matayala a kutsogolo akangolowa, mbaleyi idzakhula pa mphuthu ya khomo." Iwo amati sentimita imodzi yokwera ipatsidwe masentimita 8 m'litali. Ndiye anayeza mamita 2.4, m'lifupi mita imodzi ndi theka, kuti tayala lisamayende m'mphepete. Ndinadandaula kuti zidya bwalo la mayi loyanikapo zovala. Sanandiyankhe n'komwe.

Anyamata a kwaya anabwera anayi ndi mafosholo. Anachotsa dothi la pamwamba lofewa lija, amalume n'kumanga timakoma ta njerwa mbali zonse ziwiri, pakati n'kuthira zidutswa za njerwa. Zidutswazo anazisinja ndi chipika mpaka zinasiya kugwedera. Konkire ya pamwamba inali yochindikala masentimita 10: muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga wa kumtsinje, inayi ya miyala. Matumba anayi a makilogalamu 50 anakwana, atatu mwa iwo ochokera kwa anzathu a gulu la maliro, amene anaseka kuti bola kusonkhera simenti kusiyana ndi bokosi. Pamlomo penipeni anaikapo chitsulo cha ngodya chimene mnzanga wina anakandisakira ku msika wa Siyaso, ku Mbare, kuti konkire isamabenthuke.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti atasalaza bwinobwino, amalume anatenga tsache lolimba n'kukanda mopingasa ponseponse. Ndinafuula ndili pa mpando kuti mukuwonongatu! Iwo amvekere, "Wayiwala kale chimene chinakuthyola? Posalala ndi matope sipagwirizana."

Kenako nkhani ya madzi. Konkire imafuna kukhala yonyowa masiku 7, ndipo mmene madzi a pampopi amabwerera kuno nonse mukudziwa. Aneba athu achishona ali ndi mjigo wa magetsi, ndipo m'mawa uliwonse mwana wawo ankadutsitsa paipi pa mpanda, ife n'kunyowetsa masaka amene tinafunditsapo. Kwa inu ndinene m'chinenero chanu: maita basa.

Pa tsiku la 10 mwendo unali utayamba kulola, ndipo mtima unali dyokodyoko kufuna kuyesa. Kufufuza kiyi, palibe. Ndinavutitsa ana, ndinakutumula madilowa onse. Kani amalume anapita naye m'thumba ku Mufakose, ati konkire imakhwima pa masiku 28 ndipo mphwawo amamudziwa.

Loweruka anabwera naye. Ndinakweza mbale ya mipeni, n'kukwera pang'onopang'ono ndi giya yotsika, molunjika. Amalume anali atanjuta pambali ndi mawondo awo ovuta aja, diso lili pansi pa thalakitala. Nditafika pamphuthu anandiimitsa, n'kulowetsa dzanja pakati pa mbale ndi konkire. "Zala zitatu," anatero, n'kudzuka kukafunsa ngati tiyi wapsa.

Pali wilibala yobiriwira yopindika mwendo umodzi imene yatsala kuno, ndi fosholo ziwiri. Mwini wake andiuze, ndidzabweretsa Lamulungu ku tchalitchi.