Chithunzi cha agogo ndachiyambanso kachinayi

Ndinayamba kuphunzira kujambula ndi penti mu Epulo, kwa bambo ena achikulire omwe amalemba zikwangwani za mashopu cha ku Malangalanga mu Lilongwe. Loweruka lililonse ndimakwera minibasi ku Area 25 kukatsikira mu depoti, nde ndimakhala nawo mpaka cha m'ma 3, zinazo ndimaonera pa YouTube bandulo ikapezeka. Poyamba mutu wanga unali pa ndalama basi, ndinkafuna ndizipanga zithunzi zija amagulitsa panja pa positi ofesi ku Old Town, nyanja, mlambe, azimayi atasenza ndowa dzuwa likulowa. Sindikuzinyoza ayi, anthu akulera nazo ana. Koma panopa chomwe chikundisowetsa tulo ndi chithunzi chimodzi chokha, cha agogo anga.

Agogowa ndi amene anabereka amayi. Tinakawatenga kumudzi chaka chatha atayamba kusochera pochokera kudimba, njira yoti ayendamo chiyambire utsikana wawo. Tsiku lina anapezeka m'bandakucha atakhala pakhonde pa eni ake opanda bulauzi, ndipo mukudziwa kale zomwe anthu ananena, akuti kwawachera akutamba. Amalume anaimba foni kuti achemwali bwerani mudzawatenge anthu asanawavulaze. Kuchipatala kuno anatiuza kuti ndi dementia, matenda a mu ubongo, mankhwala ochiziratu palibe, chachikulu ndi kuwasamala.

Chithunzi choyamba ndinakopera pa foto ya pa ukwati wa asisi, agogo ali mu duku latsopano akuseka. Ndinachita kunyadira popita nacho. Aphunzitsi anga anachiyang'ana nthawi yaitali kenako anati, "Mwana wanga, awa ndi agogo a m'mutu mwako. Nanga amene wawasiya kunyumbawo ali kuti?" Zinandiwawa koma sanalakwe. Amakonda kunena kuti jambula chomwe diso likuona, osati chomwe ukudziwa, ndipo ine ndinkayesa akunena za mphuno ndi makutu, kuti usamaike khutu pomwe ukuganiza kuti limakhala koma pomwe lilidi. Sindinadziwe kuti ine ndinali nditasiya kuwayang'ana agogo. Ndinkawapatsa moni, kuwapatsira phala, kuwatsekera geti kuti asatuluke, koma kuwayang'anitsitsa kumaso ndinkazemba chifukwa maso awo akandiona sakundidziwa, amanditchula dzina la mwana wawo amene anamwalira ine ndisanabadwe.

Nde ndinayamba kukhala nawo pakhonde m'mawa ndi makala a pa mbaula ndi pepala. Apa mpomwe ndaphunzira zambiri kuposa maphunziro onse a pa intaneti. Khungu la munthu wakuda wokalamba si bulauni mmodzi ayi abale. Pamphumi pomwe pakugunda kuwala kwa kumwamba pamaoneka kabuluu, pansi pa chibwano pali kufiira kwa chitenje komwe kakubwerera, m'makwinya ukaikamo penti wakuda weniweni nkhope imafa nthawi yomweyo, ndimasakaniza burnt umber (bulauni woderako) ndi ultramarine (buluu wozama) nde mdima wake umakhala ngati ukupuma. Penti wa acrylic, wosungunula ndi madzi, amauma msanga kwambiri ndi kutentha kwa Okutobala kuno, usanamalize tsaya limodzi wauma kale pa mbale, wa mafuta ndi wodula, moti ndimangowaza timadzi n'kumapitiriza. Chovuta kwambiri ndi maso. Diso la agogo limakhala ngati likuyang'ana kuseri kwa phewa lako, ndipo ukangosuntha kadontho koyera kaja pang'ono chabe, munthu uja amabwerera n'kukhala ngati akukudziwa, lomwe ndi bodza. Kawiri konse ndinanama choncho osazindikira, chifukwa mtima umafuna.

Pofufuza ndinapeza William Utermohlen, wojambula wa ku America amene ankakhala ku London. Anamupeza ndi Alzheimer's, mtundu wina wa dementia, mu 1995 ndipo anapitiriza kudzijambula yekha nkhope mpaka cha m'ma 2000, anamwalira mu 2007. Mukaziika zithunzizo pamzere mumaona khutu likuchoka pamalo pake, chipinda chikupendekeka, mpaka chomaliza ndi mutu wa pensulo woti maso sakuonekanso bwinobwino. Ndinazionera usiku magetsi atathima ndipo ndinalira, chifukwa aka kanali koyamba kuganiza kuti mwina agogo akamakana kuponda pa simenti yonyowa, kapena kuopa mthunzi wa pakhomo ngati dzenje, si makani ayi, dziko lawo lapendekeka ngati chipinda chija. Wina ndi Lucian Freud, wojambula wa ku Britain. Bambo ake atamwalira mu 1970 amayi ake anafooka kwambiri mumtima, nde iye anayamba kumawajambula kwa zaka zambiri, atakhala, atagona pabedi, mpaka anawajambulanso atamwalira mu 1989. Awo sanali a dementia, koma chomwe ndinatolapo nchakuti kujambula munthu ndi njira yokhalira naye maola ambiri opanda kumufunsa mafunso. Ife timawatopetsa agogo ndi "mwandizindikira? ndine ndani?" ngati mayeso a sitandade 8, iwo n'kumangochita manyazi. Ndikamajambula sindifunsa kanthu, nde amayamba okha kuimba nyimbo za kwaya ya amayi, mawu onse osaphonya olo limodzi, munthu woti sakumbuka ngati wadya.

Chithunzi chachitatu ndinachisiya pa chifukwa china. Chinali bwino ndithu koma agogo anali okhaokha pampando, pomwe zoona zake nzakuti agogo sakhala okha olo mphindi khumi. Amayi anasiya geni yawo ya kaunjika kuti azikhala pakhomo. Ndi amene amawasambitsa, kuwadzoza mafuta, kuchapa zofunda usiku zikanyowa, kuwanyengerera madzulo aliwonse akamanga kampukutu kawo kuti akupita kwawo ana akuwadikira. Ndipo agogo amawatchula amayi angawo kuti "amayi", amayi n'kumayankha kuti "ee mwana wanga, tipita mawa". Ndikamva zimenezo sindidziwa koyang'ana. Achibale akabwera amafunsa kuti agogo ali bwanji, palibe amene amafunsa kuti inu achemwali mwagona maola angati. Nde mu chachinayichi ndaikamo manja a amayi akumanga duku pamutu pa agogo, nkhope yawo sikuoneka, manja okha ndi beseni pansi.

Pali china chomwe chimandipsetsa mtima ndikamawerenga. Dokotala wa ku Germany Alois Alzheimer anafotokoza matenda a Alzheimer's aja mu 1906, a bungwe la zaumoyo la WHO akuti padziko lonse anthu oposa 55 miliyoni ali ndi dementia ndipo ambiri mwa iwo ali m'maiko osauka ndi apakati, osati kwa azungu kokha monga timaganizira. Koma kwathu kuno gogo akayamba kuyenda usiku n'kumayankhula zosamveka timathamangira ufiti. Ambiri tikukumbuka za ku Neno mu 2016, agogo anayi anaphedwa powaganizira zomwezo. Lamulo loletsa kunena munthu kuti ndi mfiti lilipo chiyambire 1911 koma kumudzi ndani amaliopa. Ine ndikufuna munthu akadzaona chithunzichi aone gogo wodwala amene akusamalidwa, mwina akakumbuke wa kwawo asanatole mwala.

Funso lomwe likundivutabe ndi la chilolezo. Agogo sangandiuze kuti eya kapena ayi zomveka, ndipo anali munthu wodzilemekeza, woti sangatuluke panja opanda duku. Ndinakambirana ndi amayi ndi amalume, tinagwirizana kuti sindijambula posamba kapena akulira, komanso foto yawo yeniyeni sindiika pa Facebook. Ngakhale chopentachi sindinaganize bwino ngati ndidzachionetse kugulu.

Dzulo ndinachiimika pakhonde kuti chiume, agogo anabwera n'kuima patsogolo pake. Nkhope sanaiyang'ane nkomwe. Anagwira pa chitenje chomwe ndapenta, chobiriwira chamaluwa chija, n'kufunsa kuti wawapatsa ndani mayiwa chitenje changa, penti anali asanaume nde chala chinasiya mzere mpaka pa beseni. Sindinakonzepo, ndikufuna aphunzitsi akauone kaye Loweruka. Manja a amayi ndi omwe sanakhalebe bwino, chala chachikulu chikuoneka ngati chothyoka, ndipo kuti ndiwapeze atakhala phee mphindi zisanu ndiwajambule bwino zikukanika.