Tatuluka

Tatuluka m'chipatala dzulo madzulo. Masiku 38. Mwana ali gone pambali panga pano, akupuma yekha popanda machubu aja a mpweya, ndipo m'malo moti nanenso ndigone ndikungomuyang'anitsitsa pachifuwa.

Nonse amene munapemphera, amene munkaimba foni ine osayankha, anamwino a usiku amene ndinkakuvutitsani diripi ikangosiya kudontha, zikomo. Kukutchulani mmodzimmodzi sindingathe, mutu sunayambe kugwira.

Koma alamu anga! Ambirinu mukudziwa kuti tinatha zaka 4 osapatsana moni, ndipo wolakwa ndinali ine. Ndinawanyoza pagulu, kupepesa ayi. Usiku wachitatu ndinangoona atulukira pakhomo la wodi, chofunda chili m'khwapa. Zakale sanazitchule. Anangoti, "Kagoneni pang'ono mlamu, mwanayu ndimuona ine." Ndinakalira kubafa.

Ine ndinakula ndikuganiza kuti chifundo cha Mulungu chili ngati malipiro a anthu opemphera bwino. Komatu masabata amenewa sindinkapemphera n'komwe, ndinkangomukalipira Mulungu chamumtima. Salmo 103:10 lija, lakuti satichitira monga mwa zolakwa zathu, ndinaliloweza ndili mwana, koma ndalimvetsa poona munthu amene ndinamuchititsa manyazi akupukuta masanzi a mwana wanga 2 koloko usiku.

Wina asanene kuti tatuluka chifukwa ndife olungama. Pabedi loyandikana nafe mwana wa mayi wina anatisiya, chonsecho mayi uja ankagwada pansi usiku uliwonse. Zimenezi sindikuzimvetsa mpaka pano. Mumukumbukire m'mapemphero. Amene anakamugwira dzanja tsiku limenelo ndi alamu anga omwewo, ine miyendo itazizira.

Iwowa ndi amene anandiwerengera Maliro 3:22-23, pamene pamati chifundo chake sichitha, chimakhala chatsopano m'mawa uliwonse. Anandikumbutsa kuti mawuwa analembedwa Yerusalemu ali bwinja, anthu atatengedwa ukapolo ku Babulo. Kuyambira pamenepo ndinasiya kupempha za mwezi wamawa, ndinkangopempha kuti kunja kutichere tili tonse.

Inu amene munanditumizira uthenga woti ndidzifufuze, mwina pali tchimo lobisika, kuwodi osapondako, kawerengeni Yohane 9:3, pamene Yesu anati munthu wobadwa wosaona uja sanachimwe iye kapena makolo ake. Bola anzake a Yobu, anayamba akhala naye pansi masiku 7 ali chete asanayambe zoweruzazo. Sindikusunga mangawa, ndingayambire pati ine wokhululukidwa dzulodzuloli.

Ambuye Yesu, mwa akhate 10 aja mmodzi yekha ndiye anabwerera kudzathokoza. Ndabwerera, ngakhale mawu akundithera.

Alamu, pepani. Ndinakulakwirani pagulu, n'chifukwa chake ndikupepesanso pagulu, koma Loweruka ndikubwera kudzagwada pamaso panu. Chofunda chanu chija chatsala kuno, mwana akukana kugona popanda icho.