Sabata ya mabuleki otentha a ku Khwekhwelere

Lolemba m'mawa, chifunga chisanachoke paphiri la Dedza, pagalaji pathu panafika bambo wina wa pikapu amene amanyamula mbatata ya kachewere ndi kabichi kupita ku Golomoti. Dandaulo lawo linali lakuti akamatsika ku Khwekhwelere, pamsewu wochokera pa Masasa, phazi limangolowa pansi akaponda buleki, ndipo matayala akutsogolo amanunkha ngati nsanza yopserera. Mankhwala anali atawasankha kale okha: ankafuna mapayipi otengera mphepo ku mabuleki, monga anaonera pa galimoto za mpikisano.

Sindinawatsutse, koma ndinayamba ndachotsa matayala. Madisiki, zitsulo zozungulira zimene mabuleki amagwira, anali atachita buluu chifukwa cha kutentha, ndipo timipata ta pakati pake tinali titatsekeka ndi matope ouma. Timipata timeneti ndi timene timaziziritsa disiki, pakuti ikamazungulira imakoka mphepo chapakati, pafupi ndi habu, n'kuitulutsira kumphepete. Mafuta a mabuleki nawo anali akuda ngati tiyi wopanda mkaka. Mafuta a mabuleki a mtundu wa DOT 3 akakhala atsopano sawira asanafike pa madigiri 205, koma akamwa chinyezi amatha kuwira cha pa 140, ndipo akawira mumabadwa thovu limene limangofinyika m'malo mokankha mapadi, tizigamba timene timapana disiki. Lachiwiri tinakolopa matope onse, tinasintha mapadi, n'kuthira mafuta a mtundu wa DOT 4, amene sawira msanga ngati a DOT 3.

Mapayipi anatidyera masiku awiri. Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito analozetsa kukamwa kwa payipi pankhope ya disiki, ndipo ndinamuuza kuti amasule, chifukwa mbali imodzi ikazizira inzake ikadali moto, disiki imapindika kapena kung'aluka. Tinaboola chitsulo chotchinga fumbi kuti mphepo yochokera pansi pa bampa izigwera pakati penipeni pa disiki. Titakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto tinapeza kuti tayala likukhula payipi ya kumanzere, ntchito ya tsiku lathunthu n'kuyambiranso.

Lachisanu ndinakwera ndi bambo aja, matumba ali odzaza kumbuyo. Tisanafike pakona yachitatu ndinaona gwero lenileni la vuto: ankatsika ali pa nyutilo, phazi lili pa buleki osachoka.

"Bambo, ikani giya 2, injini ikuthandizeni kugwira katunduyu," ndinatero.

"Nanga mafuta a galimoto, achimwene? Mtengo wake mukuudziwa," anayankha motero, koma anaika.

Kunena zoona, pamtsetse wokhotakhota ngati umenewo galimoto imayenda pang'onopang'ono, choncho mphepo yolowa m'mapayipi imakhala yochepa panthawi imene ikufunika kwambiri. Titafika kumunsi ndinayandikitsa dzanja pa rimu, ndipo kunali kutentha koma kopanda fungo. Mwachizolowezi iwo anatulutsa chigubu cha madzi kuti athire pamadisiki, ndipo ndinachita kuwalanda poopa kuti madisiki otenthawo angapindike, n'kuchibwezera kuseri kwa mpando.