Mphindi 10 pa kamera, m'kachipinda ka ku Rosettenville

Aphunzitsi atatiuza kuti aliyense adzafotokoza ntchito yake pa Microsoft Teams kwa mphindi 10, ine maganizo onse anathamangira ku masilaidi. Masana ndimagulitsa nsalu m'sitolo ina ku Fordsburg, ndipo kalasi yathu ya bizinesi imachitika madzulo pa intaneti. Ndiye usiku uliwonse ndikaweruka, ndikangodya nsima, ndinkatsegula PowerPoint n'kuwonjezera tsamba lina. Pofika Lachisanu masilaidi anali 27, onse odzaza thothotho ndi zilembo.

Mutu wanga unali wa ndalama zimene ife Amalawi a kuno ku Joni timatumiza kwathu, ndi mmene zinthu zinasinthira kwacha itachepetsedwa mphamvu. Mu Meyi 2022 Reserve Bank of Malawi inatsitsa kwacha ndi 25 peresenti, kenako mu Novembala 2023 inatsitsanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Nkhani imeneyi siyongomva kwa ine. Mwezi ndi mwezi ndimatumizira amayi ndalama ku Mangochi kudzera ku Mukuru, ndipo ku Park Station ndimaona anzathu akukweza mafuta ophikira, sopo ndi mabulangete m'basi za ku Blantyre chifukwa aona kuti katundu athandiza kuposa ndalama.

Loweruka kunabwera amalume, amene amasamalira maluwa panyumba ina ku Randburg. Ndinawapempha kuti akhale panja pa mpando ndi foni yawo, alowe mu msonkhano woyeserera, ine ndili m'nyumba, kuti aone zimene anzanga a m'kalasi adzaone. Sindinafike ngakhale pa silaidi yachisanu. Anagogoda pa zenera.

"Mphwanga, pa foni pano zilembo zako zikungooneka ngati nyerere. Komanso iwe ukundiuza nkhani kapena ukundiwerengera?"

"Ndikufotokoza, amalume."

"Ayi. Tatseka zimenezo. Undiuze m'Chichewa ngati tili pa khonde kwathu."

Ndinatseka laputopu. Pa mphindi zitatu zokha ndinawauza zonse: randi imodzi tsopano ikubweretsa makwacha ambiri, koma mafuta a galimoto, feteleza ndi katundu wina wochokera kunja anakwera mtengo, ndipo zinthu zina zonse zinatsatira. Iwo anangofunsa funso limodzi: "Ndiye R500 imene ndimatumizira mayi ako ikugula zambiri kapena zochepa?" Apo m'pamene ndinazindikira kuti m'masilaidi 27 aja funso limeneli munalibemo, pomwe nkhani yonse yagona pamenepo.

Usiku womwewo ndinadula mpaka kutsala masilaidi 8, ndipo yoyamba inali funso la amalume lokha basi. Guy Kawasaki, amene anagwirapo ntchito ku Apple, ali ndi lamulo lake lodziwika la 10/20/30: masilaidi asapose 10, nthawi isapose mphindi 20, zilembo zisachepere saizi 30. Za mphindi 20 sizinandikhudze, koma saizi 30 inandithandiza kwambiri, chifukwa zilembo zikakula mawu ambiri sakwanapo, ndiye umakakamizika kusankha. Anzanga ambiri amalowa m'kalasi pa foni, ena ali m'taxi kubwerera ku Soweto kapena ku Tembisa. Munthu wotere sangawerenge ndime yonse n'kumamveranso mawu ako. Mapanga awiri avumbwitsa.

Chimene chinandivuta kuposa zonse ndi chete. Ife tikamacheza, womvera sakhala duu. Amati "eee", "etu", "zoonadi", "ndiye?", ndipo timawu timeneti ndi timene timakunyamula kuti upitirire. Pa intaneti aliyense amatseka maikolofoni, ambiri amatsekanso kamera kuti asunge data, ndipo umangoona timabwalo ta zilembo zoyamba za mayina awo. Mtima umayamba kukuuza kuti anthu achoka, ndiye umathamanga kuti umalize msanga. Nditadzijambula pa foni n'kumvetsera, nkhani ya mphindi 10 ndinali nditaimaliza pa mphindi 7, mawu akugundanagundana, K1,700 osamveka n'komwe. Choncho pa kapepala kanga ndinaika mizere yofiira malo anayi, kutanthauza kuti apa ima, pumira, werenga mpaka katatu mumtima. Pambuyo pa nambala iliyonse ndinaikapo mzere. Ndinakonzanso funso loti anthu ayankhe polemba pa chat, kuti ndidziwe kuti tidakali limodzi.

Zina zinali zamanja chabe. Laputopu ndinaikweza pa makatoni awiri kuti kamera ifanane ndi maso anga, chifukwa ikakhala pansi anthu amangoona chibwano ndi denga. Pambali pa kamera ndinamatapo kapepala kofiira kondikumbutsa kuyang'ana pamenepo, osati pa nkhope yanga. Nyale ndinaiika kutsogolo kwanga, kuseri kwa laputopu, ndipo kumbuyo ndinapachika chitenje cha mtundu umodzi kubisa bedi ndi mapoto. Mahedifoni a foni okhala ndi maikolofoni anachepetsa phokoso la mataxi ndi galu wa eni nyumba. Popeza kuno magetsi atha kuthima nthawi iliyonse, ndinatchaja zonse masana, ndinagula bandulo yapadera pa foni, ndipo m'mawa ndinatumizira aphunzitsi masilaidi a PDF.

Tsikulo ndinalowa mphindi 15 nthawi isanakwane, n'kuyesa mawu ndi mnzanga wina. Zinayamba bwino. Funso la R500 litangooneka, anthu anayi anayankha pa chat. Koma ndili pa silaidi yachisanu netiweki inayamba kudukaduka, chithunzi n'kuuma. Mtima unagunda, manja anachita thukuta. Ndinatseka kamera yanga kuti mawu okha adutse, ndinapempha aphunzitsi kuti aonetse PDF ija kuchokera kwawo, ndipo pamene ankaifufuza ndinapitiriza kulankhula popanda choonetsa chilichonse. Ndinafotokoza za feteleza ndi mafuta monga mmene ndinawauzira amalume pa zenera paja, kungoti tsopano m'Chingerezi. Masilaidi atabwerera ndinali nditafika kale pa yachisanu ndi chiwiri.

Nthawi ya mafunso mayi wina wa ku Bulawayo anatsegula maikolofoni n'kunena kuti kwawo nawonso amatumiza zakudya m'malo mwa ndalama, ndipo anafuna kudziwa ngati basi za ku Malawi zimalipiritsa katundu potengera kulemera kwake. Tinakambirana mpaka aphunzitsi anatidula kuti wotsatira ayambe. Nditangotseka laputopu ndinaimbira amalume, ndipo anandiuza kuti Loweruka likubwerali ndiwakonzere makatoni aja, akufuna kuyesera zimene adzalankhule pa Zoom ku msonkhano wa gulu lathu lothandizana pa maliro.