Chimbale cha anyamata a ku Chinamwali

Abale anga, chimbale cha hip hop chimene anyamata athu a ku Chinamwali ku Zomba atulutsa chija ndachimvera chonse, ndipo sindikugwirizana nawo amene akuchinyoza. Akuti mawu sakumveka bwino, ma beat ndi achikale, mulibe nyimbo yovina. N'zoona kuti anajambulira kuchipinda, pena mpaka njinga za kabaza zikumveka chapatali. Koma mwamvetsera zimene akunenazo? Nyimbo yachitatu ikukamba za mnyamata wa digiri ya ku Chanco amene akugulitsa mayunitsi pa Mpondabwino, vesi yonse Chichewa chokhachokha, mawu kugwirizana mpaka kumapeto. Ndi angati akutha zimenezi masiku ano?

Chikundiwawa n'chakuti olemba za nyimbo ku Blantyre ndi ku Lilongwe angochitchula m'mizere iwiri basi. Mu 2016 nyimbo za akaidi a kundende ya Zomba zinapikisana nawo pa mphoto za nyimbo za Grammy ku America, zojambulidwa m'ndende momwemo, ndipo ambirife tinazidziwa akunja atayamba kuziyamikira. Tidikirenso zomwezo?

Chonde musamapemphe chaulere pa WhatsApp. Gulani, anyamatawa apeze ya studio.